Bokosi la Mai wa ku Famu

Ukalipentala ndinauphunzila ku Petauke kwa malume anga, ndipo nditakwatila ndinakamanga kashedi kanga m'dela la Nyalugwe, pafupi ndi kamsika pomwe njila ya ngolo imakumana ndi mseu wa fumbi. Ndinkapanga zitseko, mipando, mabenchi a tchalitchi, nthawi zina majoko a ng'ombe. Mabokosi a malilo sindinachite kuwasankha. Anandipeza okha, chifukwa m'midzi isanu yozungulila munalibe wina wokhala ndi sowo ndi puleni, ndipo munthu akamwalila nyengo yotentha palibe nthawi yoti mukafune bokosi ku Nyimba.

Ntchito imeneyi imaphunzitsa munthu kusayang'ana. Ndinkalowa m'nyumba ya malilo ndi tepi m'manja, kuyeza kutalika, kuyeza mapewa, n'kutuluka. Nkhope ya womwalila sindinkaiona, ndipo olila ndinkawadutsa mmene munthu amadutsila mitengo m'njila. Ndinkati kulila n'kwa eni ake, ine changa ndi matabwa.

Kutsidya kwa dambo, mtunda wa ola limodzi wapansi, kunali famu ya bambo wina wochokela ku Chadiza. Anabwela ndi mkazi wake kudzafuna malo olima, monga anachitila anthu ambili a kumeneko, ndipo anapatsidwa thengo lomwe eni dziko analikana chifukwa cha kutalika ndi anyani. Anaswa mphanje awiliwili. Zaka zoyamba ankakhala ngati wina aliyense. Lamulungu ankabwela ku tchalitchi, mwamuna akupalasa njinga, mkazi atakhala kumbuyo. Mkaziyo anali ndi mau. Ndiye ankayambitsa nyimbo kumbali ya azimai, ndipo pa malilo anthu ankadikila iye kuti kuimba kuyende. Mwana wao anali mmodzi yekha, wamkazi, ndipo anakwatiwa kutali ku Migodi, kumatauni okumba mkuwa.

Kenaka mkaziyo anasiya kuoneka. Tinamva kuti wadwala, wagonekedwa ku Nyimba, wabwelako. Azimai a mpingo anapita kukamuona kawili kapena katatu, n'kuleka. Mwamuna nayenso anasiya tchalitchi, anasiya misonkhano, ntchito yokonza mlatho sanabweleko, ndipo choipa kwambili, anasiya malilo. Kwathu kuno anthu angakukhululukile zambili, koma osati kusowa pa malilo. Ankangooneka pamsika mothamanga, kugula mchele, mafuta odzola ndi sopo wambili, osakhala pansi, osacheza ndi munthu. Chimanga chake chinkachita bwino chaka ndi chaka, popeza nthaka inali yatsopano, koma anthu anapeza chifukwa china. Anati wakhwimila mkazi wake, wamutsekela m'nyumba kuti nkhokwe zizidzaza. Sindikudziwa amene anayamba kunena zimenezi. Chomwe ndikudziwa n'chakuti inenso ndinazinenapo, ndikupala thabwa, pamaso pa anthu odikila zitseko zao.

Tsiku lina anabwela ku shedi kwanga. Anafuna mpando wolimba, wokhala ndi mikono ndi msana wautali, wa chibowo chozungulila pokhalila, ndipo pansi pake pakhale malo oti chidebe chilowe. Anaujambula ndi chala pa fumbi. Anabweleza kawili kuti m'mphepete mwa chibowocho ndisalaze bwino, pasakhale pokanda khungu. Sindinamufunse kuti ngwa yani. Ndinaupanga ndi mukwa, anaumangilila pa njinga, n'kupita. Masana ake ndinauza anzanga pa nsolo kuti wa ku famu walemela mpaka ulendo wa ku chimbudzi wamukulila. Tinaseka. Ndinali ndi zaka makumi anai panthawiyo, ndipo ndinkadziwa bwino munthu amene amafunika mpando wotelo. Kungoti nthabwala inali pafupi kuposa ganizolo.

Chaka chotsatila m'mudzi mwathu munamwalila mwana wa zaka zinai. Bambo wake anali mmodzi wa adzukulu, gulu la amuna okumba manda, ndipo ameneyu anali mwana wake woyamba. Bokosi ndinapanga ine, la matabwa aafupi otsala pa zitseko. Tikupita nalo kumanda, tinakumana ndi bambo wa ku famu akuchokela ku kiliniki pa njinga. Mwambo wake ngodziwika. Ukakumana ndi malilo umatsika njinga, kuvula chipewa, kupatuka, n'kudikila adutse. Iye sanatsike. Anakhotela m'udzu, kutilambalala, n'kupalasa mwamphamvu ngati akuthamangitsidwa. Nyimbo inaduka pang'ono, kenaka inapitiliza. Bambo wa mwanayo anaiyang'ana njinga ija mpaka inalowa m'mitengo.

Panapita zaka ziwili. Unali mwezi wa Okutobala, pamene nthaka imauma ngati njelwa yootcha ndipo dzuwa likangokwela pang'ono munthu wayamba kale kufuna mthunzi. Ndinali nditangotsegula shedi pamene bambo wa ku famu anafika akukankha njinga yophwa tayala. Anaiyedzamitsa pamtengo n'kukhala pa chitsa, chinthu chomwe sindinamuonepo akuchita.

"Amisili, amai atisiya m'mamawa muno," anatelo. "Ndabwela kuti mukayeze."

Ndinamufunsa ngati wadziwitsa kwa amfumu ndi kwa akulu a mpingo. Anati wadutsako konse, uthenga wausiya. Mwana wake ku Migodi anali atamuimbila foni, koma sakanafika masiku awili asanathe, ndipo ndi kutentha kuja malilo sakanamudikila. Ndinatenga tepi, tinanyamuka.

Ku famuko ndinali ndisanafikeko. Pabwalo panali posesa. Chingwe choyanikapo chinali chitawelama ndi tinsalu tambili, zidutswa za zitenje zakale ndi mabulangete odulidwa, zonse zochapa. Panalibe munthu wina aliyense, nkhuku zokha. Tinalowa m'nyumba.

Bedi linali lofupikitsidwa miyendo, litayandikizidwa pa windo. Windolo linali lokulitsidwa ndi nkhwangwa, moti munthu wogona akanatha kuona munda mpaka kudambo. Kuchokela ku phaso kunali chingwe cholendewela, chomangidwa nsalu kumapeto, chogwilila podzuka. Pakona panali mpando wanga uja. Mikono yake inali itapelepeseka ndi kugwilidwa, ndipo m'mphepete mwa chibowo munali mokulungidwa nsalu yofewa. Pa kathebulo panali kapu, kasupuni kakang'ono ndi wailesi. Ndinali nditayeza anthu ambili odwala nthawi yaitali, ndipo nyumba zao ndinkazidziwa ndi mphuno ndisanalowe. M'nyumba iyi munkangomveka sopo.

Popeza panalibe azimai, bamboyo anandipempha kuti ndimuthandize kutsitsa malilo pa mphasa. Maiyo anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Pomunyamula sindikanapewa kuyang'ana. Pakamwa panali popindikila mbali imodzi. Zikhadabo zinali zowenga. Tsitsi linali loluka, mizele yokhotakhota, yosiyana kukula, kuluka kwa munthu wophunzila atakula. Ndinafunsa kuti wadwala nthawi yaitali bwanji, ndipo anati mvula ikubwelayi ikanakhala ya chisanu ndi chiwili. Anafa mbali yonse ya kumanja tsiku limodzi ali kumunda, ndipo kuyambila pamenepo sanayendenso, mau nao anatsala ochepa omwe ankawamva ndi iye yekha. Ankamutembenuza kangapo pa tsiku, kumusambitsa, kumumwetsa phala ndi kasupuni chifukwa ankatsamwa. Kumunda ankalima pomwe akanatha kumva belu la njinga lomwe anamangilila pa bedi.

"Alibe chilonda ngakhale chimodzi," anatelo. "Azimai akabwela adzaona okha."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanauze anthu. Anati anthu ankadziwa kuti m'nyumbamo muli wodwala, ndipo zinali zoona. Azimai a mpingo atabwela ulendo womaliza, mmodzi anakana madzi akumwa, wina ananong'oneza mnzake pakhomo kuti matenda awa si a Mulungu. Wodwalayo sankalankhula, koma makutu anali bwino. Analila masiku awili, ndipo pambuyo pake akangomva mau a mlendo pabwalo ankadzifunditsa kumutu ndi dzanja lomwe linkagwila. Bamboyo anasiya kuitana anthu, anthu nao anasiya kubwela.

Ndinayeza. Ndikupinda tepi anandiuza kuti akudziwa kuti adzukulu angakane. Piki anali atanola kale, ndipo zikavuta akanakumba yekha kuseli kwa nyumba. Koma sankafuna zimenezo. Mkazi wake ankakonda anthu, ndipo atakhala yekha zaka zonsezi, anafuna kuti akagone pakati pa anzake.

Pobwelela ndinadzela kwa mkulu wa adzukulu, chifukwa bokosi popanda dzenje lilibe ntchito. Mkuluyu sanali mfumu, sanalinso mkulu wa mpingo. Anali mdala wotsimphina mwendo wa kumanzele, yemwe paunyamata wake anagwilapo ntchito ya mseu waukulu, ndipo anasankhidwa chifukwa anali atakumba manda zaka zambili moti ankadziwa amene wagona pansi pa mtengo uliwonse. Ankalankhula mochedwa, ngati mau akuwatenga patali. Ndinapeza amuna khumi ndi awili atakhala pansi pa mtengo wa mango pabwalo pake. Mapiki ndi mafosholo anali pansi. Amfumu anali atatumiza uthenga kuti nkhani ya dzenje ndi ya adzukulu, agwilizane okha.

Amene ankalankhula pofika ine anali bambo wa mwana uja. Sankakweza mau. Anafotokoza za tsiku la njinga mwatsatanetsatane, pomwe panali bokosi, pomwe panali mkazi wake, mbali yomwe njinga inadzela. Anati mwana wake sanali galu woti munthu n'kumulambalala m'udzu. Anamaliza ndi kunena kuti dzanja lake silikhudza piki, ndipo amene akakumbe adziwe kuti waponda pa manda a mwana wake. Ena anavomeleza. Wina anati ayambe wapeleka mbuzi ya chindapusa. Wina anati zomwe zinkamudzazila nkhokwe zimukumbilenso dzenje. Mdala uja anawasiya onse kuti alankhule, mmodzimmodzi, osadula munthu. Dzuwa linkakwela, ndipo ine ndinkangoganiza za matabwa omwe ndinali ndisanayambe kuwadula.

Onse atatha, anatembenukila kwa ine. Anati mwa onse amene tinali pamenepo, ndine ndekha amene ndinalowa m'nyumbamo, ndiye ndinene zomwe ndaona, osaonjeza. Ndinanena za tinsalu pachingwe, za windo, za chingwe cha ku phaso, za tsitsi. Za mpando ndinazengeleza, chifukwa atatu mwa amene anakhala pamenepo anaseka nane pa nsolo tsiku lija, koma ndinanena. Mmodzi wa iwo anayang'ana pansi. Wina anati mfiti nazonso zimadziwa kusamala zinthu zao. Mdalayo sanamutsutse. Anangogwedeza mutu monga anagwedezela kwa ena onse.

Kenaka anasendeza kampando kake kufupi ndi bambo wa mwana uja. Anamukumbutsa kuti dzenje la mwanayo analiyamba ndi iwo amdalawo, ndipo tsikulo anali kutsogolo kwa bokosi pamene njinga inadutsa. Anati zinawapweteka panthawiyo, ndipo mpaka lelo akakumbuka zimawapweteka.

"Iwe mwana wanga usakumbe," anatelo. "Pita kunyumba. Amene adzakunene kuti unakana malilo adzayambe wakumana ndi ine."

Anasisita bondo. Ndiye anauza gulu lonse kuti pali chinthu chimodzi chomwe chikuwavuta. Kufika ku famu ndi ola limodzi, kwa iwo ndi mwendo wao mwina awili, ndipo zaka zisanu ndi ziwili zonsezi ankawelenga malilo amene munthu uja wasowa, koma sanapite ngakhale kamodzi kukafunsa chomwe chamugwila. Sananene kuti ifenso tinalakwa. Ananena za iwo okha.

"Ine ndikupita kukakumba," anatelo. "Mwamunayo nkhani yake tidzaikamba. Koma mai uja ndiye anaimba usiku wonse pa malilo a mlongo wanga, ali mlendo kuno. Sindingamusiye aole m'nyumba."

Anatola piki, n'kuyamba kutsimphina kulowela kumanda. Sanaitane munthu, sanachewuke. Kwa kanthawi palibe anasuntha. Kenaka mwana wa mchimwene wa mdalayo anadzuka, mwina chifukwa cha manyazi oona nkhalamba ikupita yokha. Anatsatila awili ena, kenaka enanso anai, mmodzi wa iwo akung'ung'udza kuti iye akupita chifukwa cha mdalayo basi. Otsala anabalalika. Bambo wa mwana uja anakhala yekha pansi pa mango nthawi yaitali, kenaka anatola fosholo yake n'kupita kwao.

Zomwe zinachitika ku famu masanawo ndinazimva kwa mkazi wanga. Mkazi wa mdala uja anayenda khomo ndi khomo kufuna azimai oti akasambitse malilo. Ambili anapeza zifukwa. Anavomela mkazi wanga ndi mai wina wamasiye. Atafika pa dambo anamva munthu akuwatsatila, ndipo anali mai wa mwana uja. Palibe anamuitana, ndipo mwamuna wake sanamuuze kuti akupita. Anzake anaopa kuti akukayambitsa mkangano, koma sanamubweze.

Atafika, maiyo sanalowe m'nyumba. Anaima pabwalo pamaso pa bamboyo, n'kumufunsa chifukwa chake sanatsike njinga. Mkazi wanga anati anafunsa ngati munthu wofunsa njila, popanda ukali. Bamboyo anamuzindikila. Anagwada pa fumbi, n'kufotokoza kuti tsikulo anapita kukatenga mankhwala, anapeza mzele wautali, ndipo anachedwa kuposa mmene anachedwelapo chiyambile. Mkazi wake anamusiya atakhala pa mpando, atamumangilila ndi chitenje m'chiuno kuti asagwe. M'njila monse ankangoona chitenjecho chitatsetselekela pakhosi. Atakumana ndi malilo anadziwa choyenela kuchita, koma miyendo inakana kuima. Kunyumba anapeza mkazi wake atapendekela mbali imodzi, nyelele zikumuyenda m'miyendo.

"Ndinaliona bokosi, amai," anatelo. "Linali laling'ono. Ndinalakwa, ndipo ndinalakwanso posabwela pambuyo pake. Ndinachita manyazi."

Maiyo sananene kuti wakhululuka. Anaima pang'ono, kenaka anafunsa komwe kuli beseni. Ndiye anagwila mutu posambitsa. Mkazi wanga anati atatembenuza malilo, azimai onse anai anangoyang'anana, chifukwa msana unali wosalala ngati wa munthu amene wadwala sabata imodzi. Tsitsi anafuna kulimasula kuti aluke bwino, koma mai wamasiye uja anati alisiye momwemo.

Ine panthawiyo ndinali pa shedi. Matabwa ouma omwe ndinali nao anali a mukwa, osungila chitseko cha munthu wina, ndipo ndinawadula. Bokosi la malilo ndinkalipala kunja kokha, popeza mkati palibe amaonamo ndipo nthawi imakhala yochepa. Ili ndinalipala ndi mkati momwe. Sindinaganize zambili pochita zimenezi. Ndinangopeza kuti puleni ili m'manja ndipo ndatembenuza thabwa.

Kumanda ntchito inavuta. Piki inkadumpha pa nthaka ngati pa mwala, mpaka anachita kutuma ngolo kukatunga madzi kuti athile m'dzenje, n'kudikila alowe, n'kukumbanso. Anthu asanu ndi atatu pa ntchito ya anthu khumi ndi awili. Mdala uja sanakumbe nthawi yaitali, mphamvu analibe, koma sanachoke. Ankakhala m'mphepete kuongola dzenje ndi ndodo, ndi kuuza wotopa kuti atuluke asanapemphe yekha. Malilo anafika pa ngolo dzuwa litapendeka. Anthu analipo ochepa, mwina makumi atatu, ena atabwela kudzangoona. Kuimba sikunayende bwino. Azimai ankayang'anana kuti ayambitse ndani, ndipo nyimbo ziwili zinayamba pamwamba kwambili n'kufela panjila. Mkulu wa mpingo anapemphela mwachidule. Titakwilila, bambo wa ku famu anayenda kwa adzukulu mmodzimmodzi, akuwomba m'manja chogwada. Ena anayankha, ena anayang'ana kumbali.

Mwana wake anafika patapita masiku awili. Analila pa manda, anakhala sabata, ndipo anafuna kutenga bambo ake kupita nao ku Migodi. Anakana. Anati chimanga chambeu chili kale m'nyumba ndipo mvula yayandikila.

Kuyambila pamenepo bambo wa ku famu sanasowenso pa malilo. Uthenga ukangomveka, ankafika m'mamawa ndi piki yake, nthawi zina adzukulu asanasonkhane. Nkhani ya mbuzi sinakambidwenso. Bambo wa mwana uja sanamupatsenso moni. Ndinawaonapo kangapo ali m'dzenje limodzi, wina akukumba, wina akutaya dothi, akupatsilana fosholo popanda mau. Mai wa mwanayo ankamupatsa moni bambo wa ku famu poyela, ndipo kunyumba kwao nkhaniyi akuti inawayambanitsa kwa miyezi. Mphekesela nazo sizinathe. Chaka chotsatila mvula inadula msanga ndipo chimanga cha ku famu sichinachite bwino, monga cha wina aliyense, koma alipo amene anati mwaona, mkazi wapita, nkhokwe yaphwa. Ena mwa amene ananena zimenezi anali pa malilo paja, ndipo anamva zomwe azimai anaona.

Chomwe chinasintha n'chaching'ono. Mdala uja anauza gulu lake kuti munthu akasowa pa malilo kawili motsatizana, asanamulembe mumtima, wina ayambe wapita kukamuona. Sanachite kuika lamulo pa msonkhano. Ankangotuma munthu, ndipo popeza ine ndinali ndi njinga yabwino komanso ndinkadziwa makomo onse, kawilikawili ankatuma ine. Ndinapezapo nkhalamba yomwe maso anali atayamba kuchita khungu, ikubisa kwa ana ake. Ndinapezapo mai yemwe chitenje chake chokhacho chinali chitang'ambika moti sakanakhala nacho pagulu.

Ulendo wina ananditumiza kumalile a Luembe, kwa bambo wina amene anasowa malilo awili a banja limodzi. Ndinapalasa m'dzuwa maola awili, ndikukonzekela kupeza matenda. Ndinamupeza ali bwinobwino pa khonde, akusenda nshawa, wailesi ikulila. Anandipatsa mpando ndi madzi. Nditamufunsa, anayankha mosabisa kuti banja limenelo linamulanda dimba zaka zapitazo, ndipo alibe misozi yoti akataye kumeneko. Ndinabwelela, ndinakafotokozela mdalayo mmene ndinamvela, ndikudandaula kuti ndapsa ndi dzuwa pachabe.

Anaseka pang'ono, n'kundifunsa kuti dimbalo lili mbali iti ya mtsinje, ndipo ndani analipo pamene ankaligawa. Sindinadziwe. Anati ndikapumula masiku awili ndipitenso ndikafunse.